Anyamata a njinga, mtunda sukwereka ndi ukali

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanuyi ndilankhuleko ndi anzanga opalasa njinga, makamaka anyamata amene angoyamba kumene kabaza ndi ena onyamula katundu. Ine ndimakonza njinga kuno ku Dedza, pansi pa mtengo basi, ndilibe shopu yoti mungaionere patali, koma ndisanagwire sipanala ndinapalasa zaka zambirimbiri, kutsika ndi kachewere wa ku Bembeke kupita ku Golomoti n'kukwera ndi usipa, njira yake ya Khwekhwerere ija. Amene anadutsako akudziwa zomwe ndikunena. Ena mumangoimitsa galimoto pamakona paja n'kugula tinjinga ndi timagalimoto tosema timene ana amagulitsa m'mbali mwa msewu, n'kujambula nyanja ikuoneka patali, ife timauona msewu umenewuja ndi maso ena.

Chandilembetsa kalatayi ndi mnyamata wina amene anabwera pa ntchito panga sabata yathayi akukankha njinga, tcheni chili m'manja, akuyenda motang'adza ngati wachokera kuchipatala. Asanapereke ndi moni yemwe, akuti madala tcheni munandigulitsa chija ndi feki. Ndati khalani pansi kaye achimwene, akuti sindingathe kukhala. Nde ndinadziwiratu zomwe zachitika, anaimirira pa mapedulo pakati pa mtunda, matumba awiri a chimanga kumbuyo, n'kuponda ndi mphamvu zake zonse ngati akupha njoka, tcheni n'kuduka, iye n'kugwera pa chitsulo cha felemu chapakati chija. Amuna anzanga mukudziwa ululu wake, sindifotokoza. Ndinachiona tchenicho, chinali chouma gwaa, chofiira ndi dzimbiri ndi fumbi, chionereni oilo ndi tsiku lomwe ndinamuikira. Kotapini, kamsomali komangira mkono wa pedulo kaja, nayo inali itadyeka mbali imodzi moti pedulo imachita kugwedera. Ndinamuuza kuti tcheni chilibe mlandu, koma anachoka asakukhulupirira, nde ndati mwina akawerenga m'nyuzi amva, paja zolembedwa anthu amazilemekeza kuposa pakamwa pa mdala wa pansi pa mtengo.

Nkhani yanga ndi imodzi, mtunda wautali umafuna munthu wosunga mpweya, osati wamatama. Anyamata ambiri akauona mtunda patsogolo amayamba kupalasa mwaliwiro ati kutenga sipidi, nde inde zimathandiza pa kamtunda kakafupi kotuluka pa mlatho, kamene ukangoti kawiri katatu wafika pamwamba. Koma Khwekhwerere si kamtunda ka pa mlatho. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pomwe pali nyanja ya mchere, tawuni ya Dedza ili cha m'ma 1,600, Golomoti ali kumunsi kufupi ndi nyanja, nde werengani nokha, mukukweza thupi lanu, njinga ndi katundu pafupifupi kilomita yathunthu choimirira. Sipidi yomwe mwatengera pansi ija imatha musanafike ndi pa kona yoyamba yomwe, chotsala ndi mtima ukugunda m'makutu, miyendo ikuwotcha, m'kamwa muli gwaa, ndipo mtunda weniweni usanayambe. Ine amene anandiphunzitsa ndi amalume anga, anali munthu wochepa thupi woti mphepo ikanamutenga, koma palibe mnyamata amene ankafika pa Masasa, pamwamba pa mtundawo, iwo asanafike. Ankayamba mtunda ngati akupita kumaliro, pang'onopang'ono mochita kunyansa, ife n'kuwadutsa tikuseka, pakatha ola n'kutipeza takhala pa mwala malilime ali panja, iwo akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Muyeso wawo unali womwewo, ankati ngati sungathe kuyankha moni wa munthu wapansi osadula mawu ndiye kuti ukupalasa mopitirira, chepetsa. Mpaka lero sindinapeze muyeso wina woposa umenewu. Ukakhala ndi kamphamvu kotsala usakawononge pansi, kasungire kumtunda komwe makona athinana, kumeneko nde kumafunika.

Tsopano za mano a magiya momwe mumayenda tcheni, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amavutika chabe pomwe mankhwala ake ndi otchipa. Paja aliyense masiku ano amati tili tcheni pa kalanka, andale, a mpira, a mpingo, koma mufunseni kuti kalanka yanu ili ndi mano angati akuyang'anani ngati mwamutukwana. Njinga zathu zakudazi, za giya imodzi, ma Hero, ma Phoenix, ma Humber ndi anzake, zambiri zimabwera ndi kalanka ya mano 44 kapena kuposa, kumbuyo fuliwilo ya mano 18 kapena 20. Tiyeni titenge 44 ndi 18. Mukazunguliza pedulo kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira kawiri ndi pafupifupi theka, ndipo tayala la saizi 28 likazungulira kamodzi layenda mamita awiri ndi kanthu, nde pedulo imodzi ikukutengerani mamita opitirira 5. Pa Salima kapena ku Nsanje komwe kuli see zimenezo ndi zokoma, njinga imachita kuuluka. Koma pa mtunda tanthauzo lake ndi lakuti mwendo wanu ukukankha katundu yense uja mamita 5 chokwera pa kuponda kumodzi kwa uku ndi uku, mawondo ndi amene amalipira. Chotsani ya 18 ija muike ya mano 22, tayala lizizungulira kawiri kokha, mamita anayi ndi theka osakwana, kulemera kwa pedulo kwatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mungoonjezera tcheni pang'ono basi. Gawo limodzi mwa asanu likumveka lochepa mukamawerenga, koma pa phiri ndi kusiyana kwa kupalasa ndi kukankha. Anyamata amakana ati njinga ikhala yaulesi pa fulati, anzanga azindidutsa, makasitomala azindithawa. Zoona pa fulati muzipalasa kambiri kuti mufanane ndi anzanu, sindikunamizani. Koma inu mumakhala kuti? Ngati mumakhala ku Dedza, ku Ntcheu, ku Thyolo, ku Ntchisi, fulati yake ili kuti? Ndili ndi anzanga amene tinkapalasa limodzi, lero kuti adzuke pa mpando amachita kugwira khoma, zaka 50 asanakwanitse, ndipo onsewo anali akatswiri a giya yolemera.

Amene muli ndi njinga za magiya, za kaunjika zija, inu nde mumandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa mankhwala muli nawo m'manja koma simumwa. Theka la njinga zamagiya zomwe zimabwera pa ine, waya wa giya anaduka kalekale, mwini wake anangokoloweka tcheni pa kalanka yaikulu ndi kafuliwilo kakang'ono kwambiri n'kumanga ndi waya wa mpanda, basi njinga ya magiya 21 yasanduka ya giya imodzi, yolemetsetsa pa onsewo. Pomwe njinga yomweyo ili ndi kakalanka ka mano 22 kutsogolo ndi chachikulu cha 28 kapena 32 kumbuyo, giya yoti pedulo imazungulira tayala lisanamalize ndi kamodzi komwe, ungakwere nayo Ku Chawe ku Zomba ukucheza. Waya wa giya mtengo wake sufika ndi pa ndalama ya ma bando a sabata imodzi. Ndipo posintha giya sinthani mtunda usanakugwireni, miyendo ikadali yopepuka, komanso pa nthawi yosinthayo fewetsani phazi pang'ono tcheni chidumphe bwino. Ambiri amadikira mpaka njinga yatsala pang'ono kuima, aimirira, nde n'kumakankha giya akuponda mwamphamvu, mumangomva khwa khwa khwa, mano akudyeka, kenako dilela, kachitsulo kosuntha tcheni kumbuyo kaja, yapindikira m'masipoko. Kenako akuti njinga za kaunjika sizilimba.

Chishalo. Anthu ambiri chishalo chawo chili pansi kwambiri, ati kuti ndizitha kuponda pansi ndikaima. Nde umamuona munthu akukwera mtunda mawondo akufika pachifuwa ngati wakhala pa kampando ka kukhitchini, mphamvu yonse ikuthera m'bondo. Yesani chonchi, tsamirani khoma, khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukabwezera phazi pamalo pake bondo likhala lopindika pang'ono chabe, pamenepo nde pabwino. Ndipo malo a phazi ndi kutsogolo kuja, kumunsi kwa zala, osati pakati pa phazi kapena chidendene, kungoti ambiri mapedulo awo anatha kunatsala kachitsulo kokhakokha, nde ndi patapata kachitsulo kaja kamaboola, munthu amangoponda pomwe sipakupweteka. Gulani mapedulo abale. Za kuimirira sindikuletsa ayi, pa njinga ya giya imodzi nthawi zina palibe kuchitira mwina, komanso kumapumitsa msana ndi matako. Koma kuimirira kumadya mpweya msanga chifukwa tsopano miyendo yanyamulanso thupi lomwe chishalo chimanyamula, nde muziimirira pamalo pothina pokha, kuwerenga mwina kuponda 20, n'kukhalanso. Mukaimirira musadumphire pedulo, lolani kulemera kwa thupi lanu kutsike nayo yokha, njinga izipendekera pang'ono uku ndi uku pansi panu, manja akukoka handulo mbali yomwe mwendo ukuponda. Mapewa asaume, ena amafinya handulo ngati yawalakwira, nsagwada zili gwa, nkhope ngati akukangana ndi apongozi, mphamvu yonseyo ikupita pachabe siikufika ku tayala. Ndipo musanaimirire ndi katundu dziwani kaye za tcheni chanu ndi kotapini, paja ndakuuzani za mnzanu uja.

Kamangidwe ka katundu nakonso anthu sakaganizira. Pa fulati njinga imakhululuka, ungamange mulimonse iyenda. Pa mtunda kilo iliyonse imadziwika, inuyo mwina makilo 60, njinga yakuda ndi kaliyala wowotcherera uja 20 kapena kuposa, matumba awiri a makilo 50, zonse pamodzi 180, ndipo injini yake ndi nsima ya dzulo. Thumba likatuluka kwambiri kumbuyo kupitirira ekiselo, pa mtunda tayala lakutsogolo limapepuka, handulo imayamba kuvina, ukangoponda mwamphamvu njinga yadzuka ngati mbuzi yofuna kugunda. Zinandichitikira ine ndi dengu la usipa, ndinamangira kumbuyo kwambiri pofuna kuti msana upume, pa kona ina njinga inangoti dzuu ine chagada, usipa mbwee mumsewu wonse, ana ogulitsa zosema aja anandithandiza kutola koma theka linalowa m'matumba mwawo, sindiwada, nanenso ndikanatero. Kuyambira tsiku limenelo cholemera ndimachikankhira kufupi ndi chishalo, chikhale pansi momwe zingathekere, chopepuka pamwamba, mphira zikoke zolimba kuti katundu asamagwedezeke chifukwa katundu wovina amakuba mphamvu pa kuponda kulikonse. Pamalo pothina weramirani kutsogolo, chifuwa chiyandikire handulo. Mpweya m'matayala ukhale wokwana, tayala lofewa pa tara ndi ngati ukupalasa mumchenga. Komanso nyamulani njinga muzungulize tayala mumve ngati buleki ikukhuza, limu yopindika imakhuza labala pa kuzungulira kulikonse, munthu n'kukwera phiri lonse atagwira buleki osadziwa, akafika kunyumba akuti andilodza miyendo.

Pa makona pali kachinsinsi kamene aliyense wokwera mapiri amakadziwa, kaya ndi Khwekhwerere, kaya Chiweta, kaya kuchokera ku Thabwa kukwera ku Blantyre, kaya Gorodi wa ku Livingstonia ndi makona ake 20 aja. Mkati mwa kona ndi mwachidule koma ndi moimirira kwambiri, kunja kwa kona ndi kotalika koma kogona. Nde mwendo umafuna kunja nthawi zonse. Vuto ndi lakuti ife timayenda kumanzere, kona yokhotera kumanja kunja kwake ndi mbali yathu, zili bwino, koma yokhotera kumanzere mbali yathu ndi yamkati yothina ija, ndipo apa ndi pomwe anyamata amawolokera mbali ya eni ake kufuna pogona, pa kona poti sukuona chomwe chikutsika. Chimodzimodzi kupalasa mokhotakhota kuja, kudula msewu uku ndi uku ngati njoka. Kumagwira ntchito, sindikana, kumachepetsa kuimirira kwa mtunda chifukwa watalikitsa njira, ndipo pa msewu wafumbi wakumudzi komwe galimoto imadutsa kawiri pa tsiku ndipo umaimvera kutali nanenso ndimachita. Koma pa tara, pomwe minibasi ikutsika itazimitsa injini pofuna kusunga mafuta, simuimva abale, mumangoiona yafika. Kona yakumanzere ikakukanikani tsikani mukankhe mamita 30 amenewo mukwerenso.

Nanga zogwirira lole kumbuyo? Ndivomere, ndinachitapo, kangapo konse. Lole yodzaza ikukwera ngati kamba, iwe watopa, chitsulo chili pompo chikuchita kukuitana. Kukoma kwake ndi ngati kumwamba. Ndinasiya tsiku lomwe dalaivala anasintha giya lole n'kubwerera m'mbuyo pang'ono isanagwire, ndinangoona tayala lalikulu lili pa bondo langa, fungo la labala m'mphuno, kutsogolo sindikuona kalikonse chifukwa lole yatchinga, dzenje likabwera ulidziwa utalowamo kale. Dalaivala sakudziwa n'komwe kuti kumbuyo kuli munthu. Ndinafika kunyumba osauza aliyense, nsima inandikanika.

Za m'mimba mwachidule. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, kumunsi ku Golomoti mwezi wa October pofika 9 koloko tara imakhala ikuwotcha kale. Musadikire ludzu kapena njala, zikafika ndiye kuti mwachedwa, miyendo imangozima ngati magetsi ndipo ngakhale mudye pamenepo zimatenga nthawi kuti ibwerere. Botolo la madzi, botolo la thobwa, nthochi, mbatata yootcha, kachidutswa ka nzimbe, pang'onopang'ono m'njira monse. Chimnsima chambiri pansi pa phiri ayi, chimakhala pachifuwa. Ndipo aja amati kakachasu kamapatsa mphamvu pa mtunda, kamangokuiwalitsa kuti watopa, mtunda ukadali pomwepo.

Mu September 2025 mpikisano wa njinga wa dziko lonse unachitikira ku Kigali ku Rwanda, koyamba mu Africa muno, ndinaonerako zidutswa pa foni ya mwana wanga. Anapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia, makilomita oposa 260, ndipo mitunda yonse ya tsikulo kuiphatikiza inapitirira mamita 5,000, kunena kwake kukwera kuchokera ku Golomoti kufika kuno maulendo asanu tsiku limodzi. Ine sindinkayang'ana nkhope zawo, ndinkayang'ana miyendo. Anthu amphamvu kuposa tonsefe, njinga zopepuka zoti unganyamule ndi zala ziwiri, koma pa mtunda ali khale pa chishalo, giya yopepuka, miyendo ikuzungulira msangamsanga, thupi lakumtunda lili phee, kamwa ikutafuna kanthu pafupipafupi. Kuimirira mwa apo ndi apo basi. Ndinangoti amalume aja akanakhalapo akanati nanga si zomwe ndinkanena zija. Nde ngati amenewo sachita manyazi ndi giya yopepuka, iwe wa Phoenix ndi matumba awiri a makala ukufuna kuonetsa ndani?

Kukankha nako si manyazi. Pali poti liwiro lopalasa ndi loyenda pansi zafanana, kupitiriza kupalasa pamenepo ndi kungowononga mawondo ndi tcheni, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma nakonso kuli ndi kachitidwe kake, tsikani njinga isanaime yokha chifukwa ikaima ndi katundu pa mtunda imakugwetsa kapena kubwerera nawe m'mbuyo, dzanja limodzi pa handulo zala zili pa buleki, linalo kumbuyo kwa chishalo kapena pa katundu, njinga itsamire pang'ono m'chiuno mwanu, masitepe afupiafupi. Popuma ikani mwala kumbuyo kwa tayala, ndipo pumani pang'ono chabe, mukakhalitsa miyendo imazizira n'kuuma. Poyambanso kupalasa sankhani pomwe pagonako, pedulo ikhale m'mwamba mbali ya mwendo wanu wamphamvu.

Apa ndipempheko inu makasitomala a kabaza, amayi ndi abambo anga. Mnyamata akati mayi tatsikani pang'ono tikwere kamtundaka, musamukalipire kuti ndalipira ine. Mwalipira ulendo, simunagule mawondo ake. Ndinaonapo bambo wina wathupi lake ndithu, chikwama pamiyendo, akuseweretsa foni, kamnyamata kakuchita kunjenjemera pa mapedulo misempha ya m'khosi ili panja, iwo n'kumati tafulumira ndachedwa ku miting'i. Akanatsika n'kuyenda mphindi zitatu akanafika msanga kuposa mmene anafikira. Ndipo inu akuluakulu oona za misewu, m'mbali mwa tara m'mapiri umu mwadyeka, mwina mwadzaza mchenga ndi timiyala totsika ndi mvula, wanjinga akafuna kupatuka kuti galimoto idutse tayala limaterereka, nde amakakamira pakati, kenako mukuti a njinga ndi osamva. Tisesereniko m'mbalimo ngakhale kamodzi mvula ikatha.

Mnyamata wa tcheni uja anabweranso dzana, akuyenda bwino tsopano. Sanapepese za feki zija ayi, anangoti madala muli nayo ya mano 22 ija? Ndinalibe, ndinamuikira ya 20 yomwe ndinachotsa pa njinga ina, ndamuuza abwere Loweruka ndikakhala nditapita kukaoda ku Lilongwe, abwerenso ndi kabotolo ndimugawireko oilo.

Ndine wanu,
Wokonza njinga, Dedza